Munda Umodzi wa Abrahamu: Ulendo wa ku Hebroni



Chibwerere kuchokera ku Dziko Loyera, kumene ndinapita m'chaka cha 2019 pamodzi ndi Akristu ena a m'dayosizi mwathu, anthu akhala akundifunsa za Betelehemu, za Kalvario ndi za nyanja ya Galileya. Mafunso amenewo ngabwino, ndipo ndayankha monga ndinakhoza. Koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anandifunsa za Hebroni, chonsecho ndi kumeneko kumene mtima wanga unagwidwa koposa. Tsono lero ndifuna kukusimbirani za mudzi umenewo, umene usunga manda a Abrahamu, Isaki ndi Yakobe, pamodzi ndi akazi awo Sara, Rebeka ndi Leya.

PANJIRA

Tinanyamuka ku Yerusalemu m'mamawa, mwezi wa Sepitembala, Bambo amene anatitsogolera atatidalitsa. Hebroni ali chakumwera, mtunda wa makilomita 30. Msewu utsata msana wa mapiri, ndipo ndi pa msana womwewo pamene makolo aja ankayenda ndi mahema awo ndi zoweta zawo, kuchokera ku Sekemu ndi ku Betele kunka ku Beereseba. Tinalambalala Betelehemu, kumene kuli manda a Rakele, mkazi uja Yakobe anamkonda, amene anafera panjira pobala Benjamini. Mandawo sitinawaone, pakuti anazingidwa ndi khoma lalitali la simenti.

Dziko lake nlamiyala. Mlimi wa kwathu ataliona angapukuse mutu, nafunsa kuti khasu lilowa pati. Koma eni ake anatola miyala ija, namanga nayo timipanda m'mbali mwa mapiri kuti dothi lisakokoloke, ndipo m'timinda timeneto abzala mphesa, olivi ndi nkhuyu. Mvula kumeneko igwa m'miyezi yozizira. Miyezi yotentha yonse ipita osagwa ndi dontho lomwe. Ife tinafika nyengo yothyola mphesa, anyamata akugulitsa m'mbali mwa msewu monga ana a kwathu achitira ndi masuku. Ndinakumbukira azondi aja Mose anawatuma, amene anadula phava la mphesa kufupi ndi konkuno, nalinyamula anthu awiri pa mtengo. Hebroni ali pamwamba, mamita oposa 900 kuchokera pa nyanja yaikulu, pafupifupi ngati Zomba, kotero kuti mphepo yake njopepuka.

PA MAMURE

Tisanalowe m'mudzi weniweni tinapatukira ku malo otchedwa Ramat al-Khalil, makilomita 3 chakumpoto. Akristu akale ankalemekeza malo amenewa kuti ndiwo Mamure, pamene Abrahamu anamanga hema wake patsinde pa mitengo ya thundu. Musayese kuti pali zokongola. Tinapeza bwalo lalikulu pakati pa nyumba za anthu, lozingidwa ndi miyala yosema; mkati mwake muli maziko a tchalitchi chimene mfumu Constantine anamangitsa cha m'ma 330, ndi chitsime chakale pa ngodya. Mtengo palibe, hema palibe. Tinakhala pansi pa miyala, Bambo natiwerengera mutu 18 wa buku la Genesisi.

Tiyeni tiwerenge zaka, pakuti m'nkhani iyi zaka ndizo zilalika. Abrahamu anali ndi zaka 75 pamene Mulungu anamuitana ku Harani kuti asiye abale ake, namlonjeza zinthu ziwiri: dziko, ndi mtundu waukulu wa zidzukulu. Iye anamvera, napita. Zinatha zaka 10, mwana osaoneka. Pamenepo Sara anatopa ndi kudikira, napereka mdzakazi wake Hagara kwa mwamuna wake. Abrahamu sanakane, ndipo anabadwa Ismaele, atate ake ali ndi zaka 86. Kodi banja linapeza mtendere? Iyayi. M'hema munalowa chipongwe, nsanje ndi misozi, kufikira mayi ndi mwana anapirikitsidwira kuchipululu. Akulu anati kuthamanga sikufika. Inu amene mwakhala zaka m'banja popanda mphatso ya mwana, ndipo achibale akukunong'onezani za mkazi wachiwiri kapena za kwa sing'anga, kumbukirani hema wa Abrahamu.

Tsono pa Mamure pano, Abrahamu ali ndi zaka 99, kunafika alendo atatu dzuwa lili paliwombo. Mkuluyo anathamanga kukawalonjera, nawapatsa madzi osambitsa mapazi, naphetsa mwanawang'ombe. Sara anakanda ufa. Alendo aja atadya, ananena kuti chaka chamawa nyengo yomweyo Sara adzakhala ndi mwana wamwamuna. Sara anali kumvetsera pa khomo la hema, ndipo anaseka chamumtima. Atafunsidwa anakana chifukwa cha mantha. Abrahamu nayenso anali ataseka kale pa mau omwewo. Chaka chitatha mwana anabadwa, namutcha Isaki, dzina lonena za kuseka. Zinali zitapita zaka 25 chilonjezere.

Ichi chinditonthoza ine: Malembo Oyera sabisa zofooka za makolo amenewa. Abrahamu anabisa kawiri kuti Sara ndi mkazi wake, poopa kuphedwa. Isaki anachita chimodzimodzi ndi Rebeka. Yakobe ananyenga atate ake atachita khungu. Mulungu akadakhala wosunga pangano ndi olungama okhaokha, pangano lija likadafera ku Ejipito pa njala yoyamba. Koma anthu anagwa nadzuka, nagwanso, Iye osasintha mau ake.

MUDZI WA BWENZI

Aarabu atcha Hebroni dzina lakuti al-Khalil, ndiko kunena Bwenzi, pokumbukira Abrahamu bwenzi la Mulungu. Koma polowa m'mudzi wakale, ubwenzi sitinauone. M'chaka cha 1997 mzindawu unagawidwa pawiri: chigawo chachikulu chinapita m'manja mwa Apalestina, ndipo chigawo china, momwe muli manda aja, chinatsala m'manja mwa asilikali a Israele. Tinayenda m'tinjira topapatiza ta msika, kumene masitolo ambiri anali otsekedwa ndi zitseko zachitsulo, ndipo tinadutsa pa zipata zozungulira mmodzimmodzi, asilikali akuyang'ana m'matumba athu.

Titatuluka pamenepo tinaona linga lalikulu patsogolo pathu. Ha! Miyala yake! Ina njaitali kupambana anthu atatu atagona motsatana, yosemedwa bwino m'mphepete monga ija ya khoma la Nyumba ya Mulungu ku Yerusalemu. Lingalo nla mamita ngati 60 m'litali ndi 34 m'lifupi, ndipo laima zaka zoposa 2000. Akatswiri ambiri avomerezana kuti analimangitsa ndi mfumu Herode, yemwe uja anafuna kupha Mwana Yezu. Taonani kusaona kwa munthu: anatchinjiriza mafupa a makolo ndi miyala ya mtengo wapatali, nafuna kupha Mwana amene makolowo anamuyembekezera.

Mkati mwa linga limeneli anthu a mitundumitundu anamangamo zawo. Akristu a ku Byzantium anamangamo tchalitchi. Asilamu atalanda dziko anapanga mzikiti. Ankhondo a Mtanda ochokera ku Ulaya anamanganso tchalitchi, ndipo m'chaka cha 1119 ansembe awo anatsikira m'phanga la pansi napezamo mafupa. Pambuyo pake Saladin anabwezera malowo kwa Asilamu. M'chaka cha 1266 mfumu Baybars analetsa Ayuda ndi Akristu kulowamo, ndipo kwa zaka 700, kufikira 1967, Ayuda ankalekezera pa sitepe yachisanu ndi chiwiri ya makwerero akunja, napemphera pomwepo.

Ife tinalowera mbali ya mzikiti. Tinavula nsapato, amayi nafunda mikanjo yophimba ndi mutu womwe. Denga lake likali lija la tchalitchi cha Ankhondo a Mtanda. Pakati pali tinyumba tiwiri ta miyala yofiira ndi yoyera, ta Isaki ndi Rebeka. Chikumbutso cha Abrahamu tinachiona kupyolera pa zenera la zitsulo, chofundikidwa ndi nsalu yobiriwira. Zonsezi nzizindikiro chabe. Phanga lenileni lili pansi, ndipo nlotseka. Pambali pa khoma pali kabowo kakang'ono, pamene osunga malowo atsitsirapo nyali ya mafuta pa unyolo. Tinagwada mmodzimmodzi kusuzumira. Mayi wina wachikulire wa m'gulu lathu, amene maondo ake sanamlole kugwada, anandifunsa nati: "Aphunzitsi, mwaonamo chiyani?" Ndinati: "Mdima, amayi, ndi kanyali kamodzi pansi penipeni." Iwo anati: "Kakuyaka?" Ndinati: "Inde, kakuyaka." Ndipo anachita chizindikiro cha Mtanda.

M'MENE MUNDA UNAGULIDWIRA

Nkhani ya phanga limeneli ili m'mutu 23 wa Genesisi. Sara anamwalira kuno ali ndi zaka 127. Zinali zitapita zaka zoposa 60 chichokere ku Harani, ndipo Abrahamu, amene Mulungu anamlonjeza dziko lonse, analibe ndi pokumba manda pomwe. Anali ndi ng'ombe, nkhosa, antchito ndi siliva, koma nthaka analibe. Anadzuka pa maliro, napita ku chipata cha mudzi, kumene kunali bwalo la akuluakulu a Ahiti, nadzitcha mlendo pakati pawo, napempha malo.

Amene anakhalapo pa bwalo la mfumu adzamva bwino m'mene nkhaniyo inayendera. Ahiti anamlemekeza, namuuza kuti asankhe manda alionse mwa manda awo. Abrahamu anawerama, napempha phanga la Makipela, la munthu wina dzina lake Efuroni, kuti aligule. Efuroni anayamba ndi ulemu, nanena kuti apereka kwaulere phanga ndi munda womwe. Abrahamu anaweramanso, naumirira kulipira. Pamenepo Efuroni anatchula mtengo ngati wosafuna kuutchula: masekeli 400 a siliva. Sekeli mmodzi ankalemera magalamu ngati 11, ndiye kuti siliva wa makilogalamu pafupifupi 4 ndi theka. Kuti muone kukula kwa mtengowo, dziwani kuti mneneri Yeremiya anagula munda ndi masekeli 17, ndipo mfumu Davide anagula malo opunthira tirigu pamodzi ndi ng'ombe ndi masekeli 50. Abrahamu sananenerere. Anayesa silivayo pa sikelo mboni zikuona, ndipo munda, phanga ndi mitengo yonse ya m'malire mwake zinasanduka zake.

Umenewu ndiwo munda umodzi wokha umene Abrahamu anakhala nawo m'dziko la lonjezo kufikira imfa yake pa zaka 175: munda wa manda.

Nanga anaumiriranji kugula? Ife tidziwa mwambo wa maliro. Munthu akafera ku Johannesburg, achibale asonkha ndalama zambiri kuti mtembo ubwere kwawo, pakuti pamene munthu agona ndipo pali kwawo. Abrahamu akadakhoza kunyamula Sara kunka naye ku Harani kwa abale ake. Sanatero. Pomuika m'nthaka ya Kanani ananena pamaso pa onse kuti kwawo ndi kuno, ngakhale analibe mudzi, chifukwa Mulungu anatero. Munda uja unali ngati chikole cha dziko lonse. Yakobe anachita chomwecho. Anafera ku Ejipito ali ndi zaka 147, mwana wake Yosefe ali nduna yaikulu ya Farao. Akadafuna akadaikidwa ngati mfumu konko. Koma analumbiritsa Yosefe kuti amnyamule kudza naye ku Makipela, kumene iye mwini anaika Leya.

MANDA ENA AANG'ONO

Ndikhululukireni, abale, ndinene pang'ono za ine mwini. Nditangoyamba ntchito ya uphunzitsi, ananditumiza ku tchalitchi china chaching'ono kutali ndi kwathu ndi kwa mkazi wanga komwe. M'chaka chachitatu, pakati pa dzinja, mwana wathu wachisamba, mtsikana wa zaka ziwiri, anadwala malungo namwalira. Mtsinje unali utadzaza, galimoto osafika. Ndinapita kwa anyakwawa, munthu wosapemphera nafe, ndi kukhala pansi patali, mau osatuluka. Iwo anati: "Aphunzitsi, musavutike kupempha. Mwana ameneyu wamwa madzi a pa chitsime chathu, ngwathu. Adzukulu apite akakumbe."

Tinamuika kumeneko. Anthu anatichitira zaulemu, koma mumtima mwanga munatsala mlandu ndi Mulungu. Ndinkati: Ambuye, ndinasiya munda wa amayi anga chifukwa cha ntchito yanu, ndipo chimene mwandipatsa m'dziko lino ndi kamtumbira aka kodi? Lamulungu lililonse ndinkaimirira kuphunzitsa anthu kuti Mulungu ngwokhulupirika, pakamwa pakunena, mtima ukutsutsa. Mkazi wanga anandiposa nzeru. Patapita zaka, pamene anafuna kutisamutsa, iye anati: "Abambo, tipita kumene atituma, koma mudzi uno si wachilendonso. Tili ndi wathu pano."

Mau amenewo ndinawamvetsa nditagwada pa kabowo kaja ku Hebroni. Ndinaona kuti amene timutcha kholo la okhulupirira onse anapatsidwa chomwecho: manda a wokondedwa wake m'dziko la eni. Sanauone mtundu waukulu uja. Anaona Isaki ndi adzukulu awiri amapasa. Dziko sanalilandire. Ndipo sanayese kuti Mulungu wamnamiza, popeza anadziwa kuti lonjezo la Mulungu nlalitali kupambana moyo wa munthu mmodzi. Sindinena kuti chisoni changa chinathera pomwepo. Koma mlandu uja ndinauleka.

KODI MULUNGU ANASUNGA MAU AKE?

Tiyeni tione pa Hebroni pomwepa. Zitapita zaka mazana, Aisraele atatuluka mu ukapolo wa ku Ejipito, Kalebe, mmodzi wa azondi aja a mphesa, analandira Hebroni kukhala cholowa chake ali ndi zaka 85, atadikira zaka 45. Pambuyo pake Davide anadzozedwa ufumu m'mudzi womwewu, nalamulira pano zaka 7 ndi miyezi 6 asanapite ku Yerusalemu. Ndipo m'banja la Davide munabadwa Yezu Kristu, amene Mateyo Woyera ayamba Mthenga wake pomlumikiza ndi Davide ndi Abrahamu. Mulungu analonjeza kuti mwa Abrahamu mitundu yonse idzadalitsidwa. Mitundu yonseyo ndani? Ndife amene, Achewa, Angoni, Ayao, Alomwe, Atumbuka, Asena ndi ena onse amene tinalandira Ubatizo. Usiku uja Mulungu anaturutsa Abrahamu kunja kuti ayese kuwerenga nyenyezi, ife tinali m'chiwerengerocho. Nchifukwa chake pa Misa, m'pemphero loyamba la Ukaristia, wansembe atchula nsembe ya Abrahamu pamodzi ndi ya Abele ndi ya Melkizedeki.

Ndipo pali chinanso choposa. Asaduki atayesa Ambuye ndi funso la kuuka kwa akufa, Iwo anawakumbutsa kuti Mulungu polankhula ndi Mose pa chitsamba choyaka anadzitchula ndi maina a Abrahamu, Isaki ndi Yakobe, atafa kalekale. Mulungu sadzitchula ndi maina a anthu amene kulibe. Kotero amene mafupa awo anaikidwa pansi pa mwala uja ali moyo pamaso pake, ndipo dziko limene analandira nlabwino kupambana Kanani. Chomwechonso mwana wanga, ndi anu amene munawaika ndi madzi a Ubatizo pamphumi.

ABALE PA MANDA

Sindingatseke kalata iyi osanena chimene chinandimvetsa chisoni. M'chaka cha 1929 Ayuda 67 anaphedwa m'mudzi uno. Pa 25 Febuluwale 1994, Myuda wina analowa ndi mfuti m'chipinda chomwe chija tinagwadamo, napha Asilamu 29 ali pa mapemphero. Zitachitika izi nyumbayo inagawidwa ndi khoma: Isaki ndi Rebeka mbali ya Asilamu, Yakobe ndi Leya mbali ya Ayuda, Abrahamu ndi Sara pakati. Posuzumira pa zenera la Abrahamu ndinaona zenera lina kutsidya, ndi anthu ena akupemphera pa manda omwewo. Onse amutcha kholo lawo, koma alowera makomo osiyana.

Chonsecho Malembo atiuza kuti Abrahamu atamwalira anamuika ndi ana ake awiri, Isaki ndi Ismaele uja anapirikitsidwa. Isaki atamwalira pa zaka 180, anamuika Esau ndi Yakobe, amene kale mmodzi anafuna kupha mnzake. Phanga limeneli linakumanitsa abale odana kawiri konse. Tipempherere anthu a ku Hebroni, Asilamu ndi Ayuda, kuti Mulungu wa kholo lawo awapatse mtendere. Koma tisaloze chala kutali kokha. M'midzi mwathu muli ana a bere limodzi amene salankhulana chifukwa cha mizere isanu ya m'malire a munda, ndipo aonana pa maliro pokha, wina atakhala uku wina uko. Chibale ndi fupa, sichiola. Musadikire manda a amayi anu kuti akukumanitseni.

MAU OTSIRIZA

Tsono, Akristu anzanga, amene mwapempha chinthu zaka zambiri osalandira, amene munalima mvula nikana, amene mukhala pa nthaka ya eni, amene munaika mwana: musayese Mulungu ndi muyeso wa chaka chimodzi. Kuona maso a nkhono nkudekha. Gwirani kachikole kamene Iye anakupatsani, ngakhale kali kakang'ono ngati munda wa Makipela. Phunzitsani ana anu mapemphero, pakuti mwina zimene munalonjezedwa inu adzazikolola ndi iwo.

Pa 9 Okotobala Eklezia akumbukira Abrahamu Woyera m'buku la maina a oyera. Ndikupemphani kuti madzulo a tsiku limenelo, mutatha kudya, musonkhane banja lonse, wodziwa kuwerenga awerenge mutu 23 wa Genesisi. Pambuyo pake mutchule maina a akufa anu mmodzimmodzi, nimuwapempherere. Ndipo ngati pali mbale amene simulankhula naye, mumtchulenso iye pamodzi ndi amoyo. Mulungu wa Abrahamu, wa Isaki ndi wa Yakobe asunge mabanja anu.

Ndine mnzanu mwa Kristu,
Mphunzitsi wa Katekisimu